N'chifukwa chiyani tulo timathawa mayeso akayandikira?

Mayeso a JCE kapena MSCE akayandikira, dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa ophunzira ndi lakuti, "Ndimatopa zedi, koma ndikafika pabedi tulo sitibwera." Lero ndikufuna tione zimene zimachitika m'thupi, chifukwa mukamvetsa gwero la vutoli simuvutika kupeza pogwira.

Tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi wotchi ya m'thupi. Wotchiyi ili mu ubongo, m'chigawo chotchedwa hypothalamus, ndipo imazungulira kamodzi pa maola pafupifupi 24. Imadziwa nthawi potengera kuwala kolowa m'maso. Kukada, kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kotchedwa pineal gland kamatulutsa homoni ya melatonin, yomwe imauza thupi kuti usiku wakwana. Mu 2017, asayansi atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene majini amayendetsera wotchi imeneyi. Anazitulukira pofufuza tintchentche ta pazipatso.

Chachiwiri ndi adenosine. Ameneyu amachulukana mu ubongo nthawi yonse imene muli maso, ndipo akamachuluka m'pamene mumayamba kuyasamula ndi kusinza. Ine ndimamuyerekeza ndi ngongole: tsiku lonse mukukongola, ndipo njira yobwezera ndi kugona basi.

Nanga zimasokonekera pati? Tiyambe ndi caffeine, amene amapezeka mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Iyeyu amatseka malo amene adenosine amayenera kukhala, ndiye ubongo sumva kuti watopa ngakhale ngongole ija ilipobe. Komanso sachoka msanga. Pakapita maola pafupifupi 5, theka lake limakhala lidakali m'magazi. Ndiye kuti mukamwa khofi 5 koloko madzulo, pofika 10 koloko usiku akugwirabe ntchito.

Kenako pali kuwala. Kuwala kwambiri usiku kumachedwetsa melatonin, ndipo foni imawonjezera vuto lina: mauthenga a pa WhatsApp ndi mavidiyo a pa TikTok sapatsa ubongo mpata wodekha. Palinso nkhawa. Mukamaganiza za kulephera, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kumathamanga ngati mukuthawa galu wolusa. Thupi lokonzekera kuthawa silingagone.

Dziwaninso kuti pa msinkhu wanu melatonin amatuluka mochedwerapo kusiyana ndi mwa ana aang'ono. Si ulesi ayi, ndi mmene thupi limasinthira munthu akamatha msinkhu. Komabe wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10.

Ena amati, "Bola ndichezere n'kuwerenga, tulo ndidzagona mayeso akatha," mpaka kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze. Apa ndiye ndimatsutsa. Zimene mwawerenga masana zimayamba zasungidwa m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, ndipo mukagona m'pamene ubongo umazibwereza n'kuzikhazikitsa kuti zisaiwalike msanga. Kuwerenga usiku wonse osagona kuli ngati kutunga madzi m'ndowa yobooka.

Tsono nazi zimene ndikukulangizani. Muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka, ndipo muzituluka panja m'mawa kuti maso aone kuwala kwa dzuwa. Zimenezi zimakonza wotchi ija. Khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere masana. Kukatsala ola limodzi kuti mugone, ikani foni patali. Zimene zikukudetsani nkhawa, monga mitu imene simunaimvetse, zilembeni papepala pamodzi ndi nthawi imene mudzazione mawa, kuti ubongo usiye kuzibwereza. Masana thamangani kapena sewerani mpira, ndipo ngati mukufuna kugonako pang'ono masana, musapitirire mphindi 20 kapena 30. Musaiwale neti, chifukwa udzudzu umodzi wolira m'khutu ungakuwonongereni usiku wonse.

Mukagona n'kuona kuti papita mphindi ngati 20 mukungotembenukatembenuka, dzukani. Khalani penapake pa kuwala kochepa, werengani kanthu kopepuka, ndipo mubwerere pogona mukayamba kusinza. Cholinga n'chakuti ubongo uzolowere kuti pabedi m'pogona, osati poganizira mavuto.

Usiku umodzi kapena uwiri wosowa tulo usakuopseni, zimachitikira aliyense. Koma madokotala amati vutoli lakhazikika likamachitika katatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, n'kumasokonezanso zochita zanu masana. Zikafika apo, kapena ngati mukungokhala wokhumudwa nthawi zonse, uzani makolo kapena aphunzitsi ndipo mupite kuchipatala. Chonde musamwe mapiritsi ogonetsa opatsidwa ndi mnzanu kapena ogula pamsika. Ena mwa iwo thupi limawazolowera moti mumafika polephera kugona popanda iwo.