Mtengo Woima Pawokha: Chithunzi cha Brownell ndi Kachere wa Kwathu

M'nkhani ino ndiunika chithunzi chotchedwa The Charter Oak, chimene Charles De Wolf Brownell anajambula ndi penti mu 1857, ndipo ndichiyerekeza ndi kachere wa m'mudzi mwathu ku Nachisaka. Funso langa ndi ili: kodi mmisiri amatiuza chiyani akasiya nkhalango n'kujambula mtengo umodzi wokha?

Chithunzichi chimasungidwa ku Wadsworth Atheneum mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut ku America. Mtengo wa mtundu wa oak wadzaza pafupifupi chithunzi chonse, ndi thunthu lake lonenepa komanso nthambi zokhotakhota. Wosadziwa mbiri yake angangoti ndi mtengo wokalamba basi.

Koma mbiri ilipo. Mu 1662 Mfumu Charles II ya ku England inapatsa anthu a ku Connecticut chikalata chowalola kudzilamulira pa zinthu zambiri. Mu 1687 Edmund Andros anabwera kudzalanda chikalatacho, ndipo anthu amasimba kuti chinabisidwa m'mphako ya mtengowu. Mtengowo unagwa ndi mphepo yamkuntho pa 21 Ogasiti 1856. Apa ndi pamene pagona nkhani: pamene Brownell ankamaliza ntchito yake, mtengowo unali utagwa kale. Iye sanajambule chitsa, koma anauimikanso ndi masamba ake. Choncho chithunzichi chili ngati chiliza: chimaima m'malo mwa amene anapita. Ena mwa matabwa a mtengowu anakhomera mpando umene uli m'nyumba ya malamulo ya Connecticut, ndipo mu 1999 mtengowu unasindikizidwa pa ndalama yachitsulo ya masenti 25.

Ifenso tili nayo mitengo yosenza mbiri. Ku Nkhotakota kuli mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Ku Mtunthama m'boma la Kasungu, sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981, inamangidwa pafupi ndi kachere amene amati Kamuzu Banda ankaphunzirirapo ali mwana. Mitengo imeneyi sinatchuke chifukwa cha msinkhu wake, koma chifukwa cha zimene zinachitika patsinde pake.

Kachere wa kwathu sanalembedwe m'buku lililonse. Agogo anga amanena kuti kale sankaoneka n'komwe, poti anazunguliridwa ndi misuku ndi mitsamba. Mitengo ija inathera ku zigafa za fodya, makala ndi nkhuni, moti lero thengo lenileni latsala kumanda ndi pa phiri la Ntchisi. Kachereyu anapulumuka chifukwa pamenepo ndi pabwalo la milandu. Kusiyana kwake n'kumeneku: mtengo wa Brownell uli wokha chifukwa mmisiri anausankha, pomwe wathu uli wokha chifukwa anzake tinawadula.

Patchuthi chapitachi ndinapeza nthambi ziwiri zikuluzikulu zitasadzidwa, akuti anawotchera njerwa. Ndinakhala pachulu n'kuujambula ndi pensulo m'kope langa. Dzanja langa si la mmisiri, komabe ndinadzipeza ndikubwezerapo nthambi ziwiri zija, monga anachitira Brownell.

Pomaliza, ndaphunzira kuti pounika chithunzi cha mtengo umodzi tiyenera kufunsa zinthu ziwiri: chinachitika n'chiyani patsinde pake, nanga mitengo inzake ili kuti? Anthu a ku Hartford analandidwa mtengo wawo ndi mphepo, imene sungaiitanire kubwalo. Ife kachere wathu akadzagwa ndi nkhwangwa, mlandu wake tidzaukambira pati?