Mwala wa pansi pa tayala

Kwa Kaphuka munthu akagula galimoto sipakhala funso loti izigona kuti. Imagona pabwalo, pamaso pa khomo, pomwe mwini wake angaione akasuzumira pazenera usiku. Ndani angamunene? Akuba mabatire ndi dizilo alipo, ndipo ndalama yomwe yalowa m'chitsulocho ndi thukuta la zaka zambiri: matumba a kachewere, kabichi wakudimba, soya, mwinanso mazunzo a ku Joni. Abale athu a ku Lilongwe akamadandaula kuti khonsolo ikuwaletsa izi ndi izo papuloti yawo yomwe, ife timapukusa mutu n'kuthokoza kuti kumudzi kulibe zotere. Ndikuuzeni za bambo wina yemwe naye ankathokoza chimodzimodzi. Dzina lake ndi la mudzi wake ndizisunga, chifukwa mabanja awiri okhudzidwawo akutungabe pamjigo umodzi.

Bamboyu adali mkamwini wolimbikira, wosamwa, wosayenda usiku. Adayamba ndi njinga yakapalasa, kupikula mbatata m'madimba. Patapita zaka adagula lole yakale ya matani atatu, n'kumanyamula kachewere ndi kabichi kukatula ku Chimbiya, nthawi zina mpaka ku Lilongwe. Tsiku lomwe loleyo idalowa m'mudzi amayi adalulutira, ana adaithamangira kuchokera kumsewu.

Galimoto yakale siichedwa kuonetsa ukalamba wake. Batire idayamba kufooka, sitata n'kumangoti kete kete osazungulira. Amene amakudziwa kuno akudziwa kuzizira kwa m'mawa wa mwezi wa Juni, pomwe injini ya dizilo imakana kudzuka. Mkamwini uja adatenga nzeru yomwe dalaivala aliyense amaidziwa: kuimika lole pamtunda itayang'ana kumunsi, kuti m'mawa angochotsa mwala, lole itsetsereke pang'ono, iye aponye giya, injini ilire. Bwalo la kwa apongozi ake lidali lotsetsereka ndithu, monga alili mabwalo ambiri m'mapiri muno. Handibuleki idali itaduka kalekale. Choncho chitsulo chonse chija chinkagwidwa ndi zinthu ziwiri zokha, giya ndi mwala umodzi wa pansi pa tayala lakutsogolo. Kumunsi kwake kudali thandala la mbale, khitchini ya mlamu wake, ndi mtengo wapichesi pomwe ana ankachitira masanje.

Anthu ankaona. Tsiku lina atsibweni a mkazi wake adayesa kulankhula.

"Akamwini, loleyi bwanji osamaigoneka kuseri kwa nkhokwe uko? Kuja n'kwathyathyathya."

"Zoona bambo, koma kumeneko m'mawa ndisowa ondikankha. Ndikangogulitsa ulendo uno ndigula batire."

Nkhani idathera pomwepo. Ulendowo udapita, wina udabwera, ndalama ya batire idalowa ku feteleza, kenako ku fizi. Atsibweni sadabwerezenso, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Lole yomweyo ndi imene inkakatenga maliro kuchipatala osalipiritsa. Ndi imene idanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku. Ndi imene inkabweretsa feteleza wa mudzi wonse. Munthu wotere umayamba bwanji kumudzudzula pa nkhani ya mwala?

Lidali Loweruka masana. Lole idali itapakiridwa kale matumba, yoti inyamuke m'bandakucha, mwini wake atapita kukalipira aganyu. Atsikana a masanje adasowa fuwa lachitatu. Mwala wa pansi pa tayala udali wosalala bwino, komanso womasuka, poti nthawi imeneyo kulemera konse kudali pagiya. Adautenga. Patapita kanthawi anyamata awiri adakwera kutsogolo, chitseko chake chidali chosakiyika, n'kuyamba kusewera udalaivala. Wina adagwira chiwongolero, mnzake adaponda zopondaponda zija n'kukankha ndodo ya giya monga ankaonera.

Galimoto yozima ikamayenda siimveka. Palibe amene adakuwa kufikira itagunda thandala, mbale n'kumwazika. Idapitirira n'kukagwetsa khoma la khitchini. Kuseri kwa khomalo kudali mwana wa mlamu wa mkamwini uja, mtsikana wa sitandade 1, akupala moto. Njerwa zidamugwera mwendo. Anyamata aja adatuluka ndi mabala a pamphumi okha.

Mwanayo ali moyo, koma adakhala miyezi m'chipatala ndipo mpaka lero amatsimphina. Apolisi atafika zidadziwika kuti inshulansi idatha ndipo pepala la COF nalo lidatha, motero panalibe kampani yoti ithandize ngakhale pang'ono. Lole idagulitsidwa motchipa kuti ilipire zoyendera, zakudya za kuchipatala ndi chindapusa cha pabwalo la amfumu. Pamlandupo mayi wa mwana sadakalipe. Adangoti, "Alamu, mwala uja tonse tinkauona." Mawu amenewa adakhudza aliyense amene adakhala pansi pa mtengo tsiku limenelo, kuyambira atsibweni mpaka anyakwawa.

Tsono tibwerere ku malamulo a m'tauni aja amene timawaseka. M'dziko muno lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo lamulo la mapulani a malo la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1988, limafuna kuti munthu apemphe chilolezo asanasinthe ntchito ya malo. Puloti yolembedwa kuti ndi yokhalapo siyenera kusanduka galaja kapena kogona malole mwakufuna kwa mwini yekha. N'zoona kuti kutsatira kwake n'kofooka, ndipo aliyense wodutsa m'makwalala a Lilongwe waonapo mitembo ya galimoto itatsamira mipanda. Koma ganizo la lamulolo ndi lolondola: chimene waika pabwalo pako chimakhudza amene ali kuseri kwa mpanda.

Kunja nakonso adafika pamfundo yomweyi, aliyense podzera njira yake. Mumzinda wa Houston ku America, anthu a m'dera akhoza kugwirizana n'kupempha akuluakulu a mzinda kuti aletse kuimika galimoto pakapinga wa kutsogolo kwa nyumba m'dera lawolo, ndipo wophwanya amalipira faindi. Chondikopa pamenepa n'chakuti oyambitsa ndi anthu oyandikana nyumba, osati boma. Ku England, kuyambira 2008, wofuna kuwaka bwalo lakutsogolo ndi simenti yosalowa madzi pamalo oposa masikweya mita 5 amayenera kupempha chilolezo ngati madziwo alibe poti alowere m'nthaka, chifukwa mabwalo osandutsidwa poimika galimoto ankathamangitsira madzi a mvula m'misewu ndi m'nyumba za ena. Ife a kumapiri zimenezi sitifunika kuuzidwa. Mikwasa ya matayala a lole pabwalo lotsetsereka imasanduka ngalande mvula ya Januwale ikagwa, ndipo madziwo amakathera pamaziko a nyumba ya wakumunsi.

Ngozi yaikulu koposa ndi ya galimoto yobwerera m'mbuyo, ndipo pamenepa ndikufuna owerenga aime pang'ono. Mu 2014 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, lidati chaka chilichonse anthu pafupifupi 210 amafa ndipo 15,000 amavulala pogundidwa ndi galimoto yobwerera m'mbuyo, ndipo mwa omwalirawo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ndi mwana wosakwana zaka zisanu. Zambiri zimachitikira pakhomo, ndipo nthawi zambiri woyendetsa amakhala kholo kapena mbale. N'chifukwa chake kuyambira Meyi 2018 galimoto zing'onozing'ono zatsopano zogulitsidwa m'dzikolo zimayenera kukhala ndi kamera yakumbuyo. Nanga lole yathu ya kachewere, yomwe galasi lake lakumanzere lidasweka chaka chatha, matumba ataunjikidwa kupitirira denga? Dalaivala ali pampando saona chilichonse chimene chili kuseri kwa bodi. Mwana wa zaka ziwiri ndi wamfupi kuposa tayala. Akamva injini yalira sathawa ayi, amathamangira komweko, chifukwa mmenemo muli ababa. Masana a Okutobala ana amakonda kubisala dzuwa kunsi kwa lole, ena mpaka kugona tulo pamenepo pamodzi ndi nkhuku. Yeserani nokha tsiku lina, injini ili yozima: khalani pampando, wina aike ndowa kumbuyo, azisunthira nayo kutali mpaka muione pagalasi. Mtunda umene mupeze ukudabwitsani.

Palinso za njinga zamoto, zomwe tsopano zachuluka kuposa malole. Anyamata a kabaza sangasiye njinga panja, ndipo ndikuwamvetsa, poti akuba njinga sachita chibwana. Ndiye njinga imalowa m'nyumba, n'kugona pabalaza, thanki ili ndi petulo. Pakona pali chigubu china chosungira mawa, chizolowezi chomwe chidakula m'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022. M'nyumba yomweyo, m'miyezi yozizira, muli mbaula yoti ana aothe, mazenera atatsekedwa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho sukwera kudenga. Umayenda pansi, pomwe pali mbaula, kandulo ndi mphasa ya ana. Sufuna kuti moto ukhudze chigubu, umaupeza wokha motowo. Bungwe la MERA lakhala likuchenjeza ndi kuletsa kusunga kapena kugulitsa mafuta m'zigubu popanda chilolezo, ndipo ambiri timaona ngati likungofuna kutipinga. Amene adaonapo nyumba yaudzu ikuyaka ndi petulo saganiza choncho. Kachipinda kapadera kokhoma bwino, kotalikirana ndi kogona ndi kophikira, n'kotchipa poyerekeza ndi njinga yomweyo.

Za oyilo wakuda wothiridwa pansi pafupi ndi chitsime, ndi asidi wa batire wosiyidwa pomwe mwana angafike, sindichulukitsa mawu. Aliyense akudziwa kuti zimenezi si za pabwalo.

Kwa amene nyumba zawo zili m'mbali mwa M1, ku Linthipe kapena ku Chimbiya, pali chinanso. Mamita 30 kuchokera pakati pa msewu waukulu, mbali iliyonse, ndi malo a msewu, ndipo bungwe la Roads Authority lakhala likukumbutsa zimenezi. Ambiri timawayesa bwalo lathu, n'kumagonekapo malole m'mphepete mwenimweni mwa tala. Lole yoima pamenepo usiku, yopanda zonyezimira kumbuyo, pamene nkhungu ya ku Dedza yatsika, ndi msampha kwa wanjinga ndi kwa Sienta yodzaza anthu. Masana imatchinga maso a mwana wofuna kuwoloka, amene amatulukira kuseri kwake mwadzidzidzi.

Tinene zoona, palibe wa kukhonsolo amene adzabwere kwa Kaphuka kudzayeza kutsetsereka kwa bwalo lanu. Kutauni lamulo lili ndi ubwino umodzi: silichita manyazi, silidakwereko lole ya munthu ulere. Kuno lamulo ndi pakamwa pa atsibweni, pa apongozi, pa anyakwawa, ndipo pakamwa pamenepo pamatsekeka msanga mwini galimoto akakhala wothandiza. Apa ndi pomwe mudzi uja udagwera. Ulemu umene udatseka pakamwa sudamuthandize mkamwini, poti lero alibe lole, ndipo tsiku lililonse amaona mwana wa mlamu wake akutsimphina popita kusukulu.

Njira yochotsera manyaziwa ilipo, ndipo boma lathu lomwe lino la Dedza lidaionetsa. Inkosi Theresa Kachindamoto itafuna kuthetsa maukwati a ana, idagwirizana ndi mafumu ake pa malamulo a m'dera, ndipo maukwati mazanamazana adathetsedwa. Chinthu chikakhala lamulo la mudzi, wolankhula sakhalanso munthu wansanje kapena wosayamika. Akungokumbutsa zimene onse adavomera. Nkhani ya kogona galimoto ndi yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo, ndipo singatenge msonkhano wopitirira umodzi. Mudzi ungagwirizane kuti galimoto izigona pamalo athyathyathya, kutali ndi posewerera ana, ndipo isayang'ane khomo la munthu. Yopanda handibuleki isalowe pakati pa nyumba. Zitseko zizikiyidwa, makiyi azikhala m'thumba la mwini. M'malo mwa mwala, pakhale zipika ziwiri zosemedwa ndi zomangirira ku lole ndi tcheni, zoti mwana sangazinyamule. Ndipo dalaivala asanalize injini, azizungulira galimoto yonse ndi miyendo yake, kuwerama n'kuyang'ana kunsi, kenako n'kuona kuti mwana aliyense wamng'ono ali m'manja mwa munthu wamkulu.

Ena adzati izi n'zochedwetsa munthu wa bizinesi amene akuthamangira msika. Kuzungulira lole sikutha mphindi imodzi. Ena adzati malo athyathyathya ali kutali ndi nyumba ndipo akuba adzapezerapo mwayi. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi loti eni galimoto a m'mudzi umodzi apemphe malo amodzi kwa amfumu, awatchinge ndi mpanda, asonkherane ya mlonda. Amene wakwanitsa kugula lole sangalephere zimenezi.

Inu anyakwawa ndi magulupu a kwa Kaphuka, ikani nkhaniyi pamsonkhano wotsatira, malole asanayambe kulowa m'midzi kudzatenga mbatata. Ndipo inu mayi, inu atsibweni, ngati pabwalo panu pali galimoto imene ikugwidwa ndi mwala, musadikire msonkhanowo: pitani madzulo ano mukalankhule ndi mwini wake, ndipo akakuuzani za batire ya mawa, mubwerenso mawalo.