Dzanja Likamapita Lokha Kumutu ndi Kukamwa

Woulutsa: Muno tili ndi amayi amene amathandiza anthu pa za umoyo wa m'maganizo. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 ali ndi kadazi pamwamba pa khutu. Apongozi anga akuti akumumeta afiti usiku. Koma tsiku lina ndinamusuzumira akuwerenga, ndinaona akuzula yekha tsitsi limodzilimodzi, n'kumaliyang'anitsitsa kumuzu. Nditamufunsa anakana, n'kuyamba kulira. Ndamumenya kawiri koma sakusiya. Kodi wayamba misala?"

Katswiri: Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwana wanu sanapenge, ndipo palibe amene akumumeta. Zimene mwaonazo zili ndi dzina lake, trichotillomania, lomwe anazipatsa dokotala wa matenda apakhungu wa ku France, François Henri Hallopeau, mu 1889. Vutoli lili paliponse padziko. Pa anthu 100 aliwonse limagwira mmodzi kapena awiri, ndipo limakonda kuyamba pakati pa zaka 10 ndi 13, msinkhu womwe ali mwana wanuyo.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwake? Pamabwera kanthu kosautsa, kaya ndi nkhawa, kutopa, kusowa chochita, kapena kungomva ngati pamutu pakunyerenyetsa. Dzanja limakwera, n'kusakasaka tsitsi lokhakhala kapena lopindika mosiyana ndi linzake. Akalizula, thupi limamva kupepuka kwa kamphindi. Ubongo umasunga phunziro limenelo: pakandivuta, mpumulo uli apa. Zikabwerezedwa kambirimbiri, dzanja limadziwa njira lokha, ngati mapazi a munthu wopita kuchitsime chimene amatungako tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ana ambiri amazula osazindikira n'komwe, amangodzidzimuka kuona tsitsi lili mbwee pa kope. Pokana paja, mwina sanali kukunamizani mwadala. Anali ndi manyazi, komanso mantha.

Za kumenyazo, chonde mayi, zithere pomwepo. Ndikudziwa kuti munachita chifukwa chomukonda. Koma mkwapulo umawonjezera nkhawa yomweyo imene imatuma dzanja kumutu, ndipo mwana amangophunzira kukazulira kuseri, m'bulangete kapena kuchimbudzi. Kumumeta mpala mokakamiza nakonso sikuthetsa vuto, ena amangosamukira ku nsidze.

Mupite naye kuchipatala akamuone pamutupo, chifukwa chipere ndi kuluka kothina kwambiri nazonso zimathothola tsitsi. Ndipo mumufunse mofatsa, muli awiriwiri, ngati amameza tsitsi akalizula. Ili ndi funso lofunika kwambiri. Tsitsi siligayika m'mimba. Likachuluka limaumbana n'kukhala chimpira chotseka njira ya chakudya, mpaka kufunika opaleshoni. Akamadandaula m'mimba, kusanza, kapena kuwonda, musachedwe.

Woulutsa: Nanga apongoziwo awauze chiyani?

Katswiri: Awauze zimene anaona ndi maso awo, mwaulemu, mwana palibe. Agogo akamvetsa amakhala mthandizi wamkulu, poti nthawi zambiri mdzukulu amamasuka kwa iwo kuposa kwa mayi ake.

Woulutsa: Yachiwiri yachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 ku Mulanje. Akuti: "Ndimadya zikhadabo mpaka magazi. Ndili wamng'ono amandipaka tsabola m'zala koma sindinasiye. Pano mayeso a MSCE ayandikira, zafika poipa. Ndimabisa manja m'thumba anzanga asaone."

Katswiri: Mwana wanga, iwe ndi mtsikana wa ku Dedza uja vuto lanu n'lapachibale. Kudya zikhadabo, kuzula tsitsi, kutong'ola khungu ndi kudziluma m'masaya, zonsezi zimayenda njira imodzi. Kudya zikhadabo ndiye kofala zedi, ana ambiri amadutsamo n'kusiya okha akamakula. Koma zikafika pa magazi ndi pobisa manja, si zongoyang'ana ayi. Chala chimatha kutupa n'kuchita mafinya, mano akutsogolo amaperepeseka, ndipo pansi pa zikhadabo ndi pobisala mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo totsegula m'mimba.

Tsabola analephera chifukwa amalanga pakamwa, osakhudza chimene chimatuma dzanja. Njira imene yathandiza anthu ambiri anaikonza akatswiri awiri a ku America, Nathan Azrin ndi Gregory Nunn, mu 1973, ndipo njirayi siifuna ndalama. Yamba ndi kudzigwira wekha. Kwa sabata imodzi, usalimbane nazo zosiya, ungolemba kumapeto kwa kope lako nthawi iliyonse imene wapezeka chala chili m'kamwa: unali kuti, umatani, mumtima munali bwanji. Udzadabwa kuona kuti sizichitika mwachisawawa. Mwina ndi pa masamu pokha, mwina ndi usiku powerenga. Udzaonanso kuti pali kachizindikiro kotsogola, monga chala chachikulu kusisita m'mphepete mwa chikhadabo kufunafuna pokhakhala.

Ukangomva kachizindikiro kameneko, lipatse dzanja ntchito ina yoti silingafike nayo kukamwa. Fumbata chibakera, kapena gwira bolopeni mwamphamvu, kapena kanikiza zikhatho pa maondo, kwa mphindi imodzi yathunthu. Chilakolakocho chimakwera, kenako chimatsika chokha ngati sunachidyetse. Poyamba udzalephera kangapo patsiku. Usataye mtima, ubongo ukuphunzira njira yatsopano, ndipo yakaleyo unayendamo zaka zambiri. Wenga zikhadabo zikhale zazifupi ndi zosalala, poti pokhakhala m'pamene pamaitana mano. Kunyumba, madzulo pocheza, manja akhale ndi chochita, kaya kutonola chimanga kaya kusenda mtedza. Upezenso mnzako mmodzi womukhulupirira, mugwirizane kachizindikiro kachinsinsi kokukumbutsa akakuona chala chili m'kamwa, monga kugogoda desiki, m'malo moti azikukalipira pagulu. Mayi a ku Dedza, njira yomweyi imagwiranso ntchito kwa mwana wanu.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya mayi wa ku Lilongwe. Akuti: "Ndakhala ndikuzula tsitsi kwa zaka 15. Ndimavala wigi kapena duku nthawi zonse, ngakhale pogona. Amuna anga sadziwa. Kodi palibe mankhwala oti ndingomwa?"

Katswiri: Kalata yanu yandikhudza, mayi. Zaka 15 muli nokhanokha ndi chinsinsi chimenechi ndi katundu wolemera. Ndikuuzeni zoona: palibe piritsi lopangidwira vutoli. Mu 2009, dokotala wa ku America, Jon Grant, ndi anzake anapeza kuti mankhwala otchedwa N-acetylcysteine anachepetsa kuzula mwa akuluakulu ena, koma atayesedwa pa ana pambuyo pake sanaonetse phindu lomwelo. Choncho musakagule mankhwala panokha. Chomwe dokotala angachite ndi kuona ngati pali nkhawa yopitirira kapena matenda okhumudwa amene akuyendera limodzi ndi kuzulako, chifukwa amenewo ali ndi chithandizo chake, ndipo akachepa dzanja nalo limapepukidwa.

Kumeneko ku Lilongwe kuli a St John of God othandiza pa za umoyo wa m'maganizo, omwenso ali ku Mzuzu. Kummwera kuli chipatala cha matenda a m'maganizo cha Zomba, ndipo m'zipatala za maboma mufunse namwino woona za umoyo wa m'maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Bungwe la WHO linaika vutoli m'buku lake la mayina a matenda, ndiye simukukadandaula chinthu chachilendo.

Tsitsi limameranso mwa anthu ambiri akasiya, ngakhale pamalo pamene pazulidwa kwa zaka zambiri pamatha kumera mwapatalipatali. Za amuna anu, mukuwadziwa ndinu, sindingakukakamizeni. Koma kubisa kumadyetsa vutoli, poti limakula bwino munthu akakhala payekha. Ngati kuwauza nokha kukukulemerani, pitani nawo limodzi kwa namwino akawafotokozere. Ngati si iwo, yambani ndi mchemwali wanu kapena mnzanu wapamtima. Sabata ino, mayi, muuzeko munthu mmodzi, ndipo mutilemberenso kuti timve mmene zayendera.