Kodi mankhwala a mphumu angachotsetse munthu pa mpikisano wa njinga?

Funso: Adokotala, mwana wanga wayamba kupikisana nawo pa mipikisano ikuluikulu ya njinga, koma amadwala mphumu. Ndamva kuti akamuyeza mkodzo angamuimitse chifukwa cha mankhwala ake. Kodi n'zoona?
Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, n'zotheka, koma n'zopeweka. Malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amati chilichonse choletsedwa chopezeka m'thupi la wopikisana ndi mlandu wake, kaya anadziwa kaya ayi. Mwachitsanzo, wopikisana pa njinga Alberto Contador analandidwa chikho cha Tour de France cha 2010 atamupeza ndi clenbuterol yomwe ndi yoletsedwa, ngakhale ankati inachokera mu nyama imene anadya.

Pa mankhwala a mphumu, salbutamol wopopera m'kamwa amaloledwa, bola asapitirire mamaikulogalamu 1,600 pa maola 24, kapena 600 pa maola 8. Wamapiritsi ndi woletsedwa.

Mwanayo achite izi:
1. Aziona mndandanda wa mankhwala oletsedwa, umene umasintha pa 1 Januwale chaka chilichonse.
2. Ngati akufunikira mankhwala oletsedwa, apemphe chilolezo chachipatala chotchedwa TUE asanayambe kumwa.
3. Apewe mankhwala owonjezera mphamvu ndi azitsamba osadziwika bwino.
4. Pomuyeza, alembetse mankhwala onse amene akumwa.

Ufulu ali nawonso. Mkodzo umagawidwa m'mabotolo awiri, A ndi B. Loyamba likasonyeza vuto, angapemphe kuti lachiwiri liyezedwe iye kapena womuimira alipo. Ayenera kumvedwa asanalangidwe, ndipo wopikisana pa mlingo wa mayiko angachite apilo ku khoti la zamasewera la CAS ku Lausanne.

Akalandira kalata yomuimba mlandu, apeze loya msanga. Mphumu ikamuvuta kwambiri, athamangire kuchipatala. Moyo uyambe, zikalata zitsatire.