Wilibala ya ku Soweto

Kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi mseu wa Lumumba, kuli msika waukuru wochedwa Soweto. Usiku malole amadza ndi matimati, anyezi ndi kabichi kucokera ku Chongwe, Mumbwa ndi Mkushi. Koma lole siingathe kulowa m'tinjira topapatiza ta mumsika, makamaka m'dzinja pamene matope acuruka. Cifukwa cace katundu amanyamulidwa pa wilibala.

Wilibala yogula m'sitolo inapangidwira mcenga ndi njerwa. Mbale yace njozama koma yaifupi, kotero kuti mabokosi a matimati sakhazikika bwino. Amisiri oocherera zitsulo anaona bvuto limeneli. Mmisiri wanzeru safulumira kudula citsulo ai. Ayamba wapenyetsetsa wokankha alikugwira nchito, namfunsa pamene pamampweteka, nayesa kutalika kwa bokosi ndi thumba. Atatero amaocherera zitsulo zina kuti wilibala italike, ndi kuti katundu wolemera akhale pamwamba pa gudumu. Pamenepo gudumu ndilo lisenza, ndipo manja a munthu angoongolera. Ikathyoka poyesa, mmisiri aona pothyokapo nalimbitsa pomwepo. Anthu a mu Lusaka, pokonda nthabwala, amacha mawilibala otere Zamcab, ngati kuti ndi galimoto zahayala.

Komabe wilibala payokha siidyetsa munthu. Mlimi ayembekeza lole, lole iyembekeza wokankha, ndipo wokankha ayembekeza mai amene adzaoda bokosi kukagulitsa ku Kabwata kapena ku Chelstone. Onsewa ali ngati mikanda ya pa cingwe cimodzi. Wokankha akacedwa, dzuwa liwomba matimati nafewa, mtengo utsika, ndipo wotaya ndalama ndiye mlimi wa ku Mkushi amene sanamuonepo wokankhayo.

Izi zinaoneka poyera kumayambiriro kwa caka ca 2018. Nthenda ya kolera itabuka mu Lusaka, Boma linatseka misika kwa kanthawi, ndipo asilikari anathandiza kucotsa zinyalala. Mawilibala anali olimba monga kale, koma analibe conyamula, ndipo alimi anasowa kogulitsa ndiwo zao zimene sizicedwa kuola.

MAFUNSO
1. Mmisiri amacita ciani asanadule citsulo?
2. Cifukwa ninji katundu aikidwa pamwamba pa gudumu?
3. Chulani anthu onse amene agwira thimati lisanafike mumphika wa kwanu.