Virginia, dera la ku America limene linakula ndi fodya

Kalata yoyamba pa pologalamu ya mafunso ndi mayankho sabata ino inachokera kwa mlimi wa ku Kasungu. Bambowa ankafuna kudziwa ngati ku America kuli dera limene linalemera ndi fodya.

Katswiri wa mbiri amene anali pa wailesi anati lilipo, ndipo ndi Virginia, kum'mawa kwa dzikolo, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Angelezi anamanga mudzi wa Jamestown mu 1607, koma njala ndi matenda zinawapulula. Chinawapulumutsa ndi fodya amene John Rolfe anayamba kulima mu 1612. Fodyayo anayenda malonda ku London moti ku Virginia anthu ankalipira naye msonkho.

Katswiriyo sanafune kuti bambowa amve zokoma zokhazokha, ndipo anachita bwino. Mu 1619 sitima inatsitsa Aafirika pa Point Comfort, ndipo kwa zaka zoposa 200 minda ya fodya inkalimidwa ndi akapolo. George Washington ndi Thomas Jefferson, apulezidenti obadwira ku Virginia, nawonso anali ndi akapolo. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, mzinda wa Richmond ndiwo unali likulu la madera amene ankakakamira ukapolo.

Mphunzitsi wina wa ku Chiradzulu anafunsa kumene John Chilembwe anaphunzira. Yankho linali Virginia yemweyo. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nalowa sukulu ya ubusa ya anthu akuda mu mzinda wa Lynchburg, pafupi ndi mapiri a Blue Ridge. Kumeneko anaona ana a akapolo akuyendetsa okha matchalitchi ndi masukulu, pa nthawi imene tsankho linali litafika povuta. Atabwerera mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe.

Nanga lero anthu a ku Virginia amadalira chiyani? Funso limeneli linachokera kwa mayi wa ku Mzuzu. Katswiriyo anati fodya alipobe koma watsalira kutali. Ntchito zambiri zili ku boma ndi usilikali: likulu la asilikali la Pentagon lili ku Arlington, ndipo doko lalikulu la sitima zankhondo lili ku Norfolk. Ku Loudoun County kwadzaza nyumba zosungira makompyuta oyendetsa intaneti. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 8.6 miliyoni ku Virginia.