PHUNZIRO: CAKUDYA CA MBEU CIKALOWA M'MTSINJE

Mlimi ali yense adziwa kuti fetereza akometsa cimanga. Koma owerengeka okha ndiwo afunsa kumene amuka fetereza uja mbeu zamsiya osamudya. Mwezi uno tiphunzire za mtsinje wa kutali, dzina lace Mississippi, m'dziko la United States, pakuti zooneka kumeneko zitilangiza ifenso.

1. Cimene mvula icotsa m'munda

Mu fetereza ndi m'ndowe muli zakudya ziwiri zazikuru za mbeu, ndizo nayitrojeni ndi fosiforasi. Mbeu sizikhoza kutsiriza zonse mlimi athira, makamaka akathira mopitiriza muyeso, kapena mbeu zisanazike mizu. Tsono ikagwa mvula yamphamvu, nayitrojeni asungunuka monga mcere napita ndi madzi; fosiforasi akangamira ku dothi, nakokoloka pamodzi nalo. Madzi saiwala khwawa: zonsezi zitsikira kumfuleni, ndipo mfuleni uzipereka kumtsinje.

2. Ulendo wa Mississippi

Mtsinje umenewu ndi nthambi zace ulandira madzi a zigawo 31 za dzikolo. Pakati pace pali minda yaikuru ya cimanga ndi soya, monga ya ku Iowa ndi Illinois. Mvula ya miyezi ya April, May ndi June ikokolola fetereza wa m'mindamo, ndipo mtsinje umsenza ulendo wautali kufikira kunyanja yamcere ya Gulf of Mexico.

Anthu ayamba kusauka naye ali m'njira. Mzinda wa Des Moines ku Iowa, umene utunga madzi akumwa m'mitsinje yopyola minda, unamanga makina ocotsera nayitrojeni m'madzimo, cifukwa akacuruka aononga mwazi wa makanda, kuti sukhoza kunyamula bwino mpweya.

3. Umo madzi afera

Apa mpofunika kumvetsa bwino, pakuti fetereza sapha nsomba monga ucitira mkondo kapena mankhwala akupha. Iye adyetsa ndere za m'madzi monga momwe adyetsera cimanga. Nderezo zibalana kopambana, madzi nabiriwira. Zikatha masiku ace zifa, nizimira pansi. Pamenepo tizirombo tosaoneka ndi maso tiziwoletsa, ndipo pakugwira nchitoyo timaliza mpweya wa okosijeni uli m'madzi, umene nsomba zipumira.

Kodi mpweya wina sulowa kucokera pamwamba? Iai, pakuti madzi a mtsinje ali opepuka ndi ofunda, ndipo ayandama pamwamba pa madzi amcere monga mafuta pa msuzi. Cotero madzi apansi atsekeredwa. Nsomba zaliwiro zithawa. Nkhanu, nkhono ndi nyongolotsi za m'matope, zosakhoza kuthawa, zifera pomwepo. Asodzi aponya makoka pansi nawakoka opanda kanthu. Malo otere anthu awacha dera lakufa, ndipo akhala comweco kufikira mphepo za mkuntho zibvundula nyanja.

Kuyambira caka ca 1985 akatswiri, mmodzi wa iwo Nancy Rabalais, akhala akuyesa deralo. M'caka ca 2017 analipeza liri masikweya kilomita 22,720, ndiko kunena loposa magawo atatu mwa anai a Nyanja ya Malawi. Mu 2001 akuru a boma anapangana kulicepetsa lisafike masikweya kilomita 5,000 pofika 2015. Koma sikunatheke, ndipo anasunthira pangano ku 2035. Cobvuta ncakuti cakupha ici sicituruka mu mpope umodzi woti munthu autseke, koma m'minda zikwi zambiri, ndipo mwini munda saona ndi maso ace msodzi amene amsautsa.

4. Nanga kuno kwathu?

Fetereza wa alimi athu ngwocepa poyesa ndi wa ku Iowa, koma minda yathu yambiri iri pamatsitso, mitengo yatha, ndipo madimba afika pakamwa peni peni pa madzi. Mu Shire namasupuni ndi zomera zina za m'madzi zikondwera ndi dothi lanonde lokokoloka m'minda, ndipo zasautsa makina a magetsi a ku Nkula.

Cifukwa cace, abale, sungani izi. Musamwaze fetereza pamtunda, koma bayani dzenje pambali pa phando, thirani muyeso wace, nimukwirire. Musathire pamene mitambo ionetsa cimvula. Limani mizere yopingasa citunda, ndi kubzala udzu wa vetiva pa akalozera. Khola ndi dzenje la manyowa zikhale kutali ndi mtsinje. Koposa zonse, lekani bango, nsenjere ndi mitengo ya m'mphepete mwa madzi, pakuti mizu yace igwira dothi ndi kumwa zakudya zisanalowe m'mtsinje. Fetereza wotsala m'munda ndiye cimanga ca m'nkhokwe yanu. Wopita ndi madzi mwamgula ndi ndarama zanu kuti akasautse mnansi wa kumunsi.

Mafunso

(a) Nayitrojeni ndi fosiforasi asiyana bwanji pa kacokedwe kao m'munda?
(b) Fotokozani umo ndere zakufa zimalizira mpweya wa m'madzi.
(c) Mtsinje wa kwanu uthira kuti, ndipo ndani amwa madzi ace kumunsi?
(d) M'mphepete mwace mwatsala zomera zotani?